Thandizeni kuzindikira kanankafumbwe ka pachilumba cha Marion

Akuluakulu odziwa za tizilombo, ndabwera ndi pempho. Ndikuphunzira ku South Africa kuno, ndipo andipatsa ntchito yosankhula tizilombo tomwe anzathu anatola pachilumba cha Marion, chozizira chija, chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town. Kabotolo kamodzi kandizunguza mutu chifukwa kapepala kake kananyowa, zolemba zinafufutika.

Kachilomboka ndi ka mtundu wa nankafumbwe, koma musaganize za wa m'nkhokwe uja wa mlomo wautali. Aka mlomo wake ndi waufupi, wonenepa. Kutalika ndi mamilimita 4 basi, thupi lodera ngati lakuda, tinyanga topindika ngati chigongono. Pamsana pali mizere ya timaenje ndi timamba tochepa. Nditatukula chikamba chapamsanacho sindinapeze mapiko owulukira, koma zimenezi sizindithandiza, poti anankafumbwe a pachilumbachi onse sawuluka.

Poyamba ndinkati ndi ka gulu la anankafumbwe otchedwa Ectemnorhinus, amene amapezeka m'zomera ngati Azorella selago. Koma mawu amodzi otsala pakapepalako akusonyeza kuti anakatola pamiyala, komwe kumakhala a Bothrometopus odya ndere. Kulinso Palirhoeus eatoni wa m'mphepete mwa nyanja. Kudalira kukula kokha ndikuopa, chifukwa mbewa za pachilumbapo zimasankha anankafumbwe akuluakulu pakudya, ndiye otsalawo atha kukhala aang'ono kuposa msinkhu wa mtundu wawo.

Kodi ndiyang'ane pati makamaka kuti ndisiyanitse mitundu iwiri iyi, Bothrometopus parvulus ndi Bothrometopus randi? Miyendo, timamba, kapena mpaka ndikang'ambe ndione ziwalo zoberekera? Kalipo kamodzi kokha, ndiye sindikufuna kukawononga pachabe.