Ndithandizeni nzeru: digiri ya zamagetsi koma ntchito osasiya, zingatheke?

Akuluakulu, amayi ndi abambo a pagulu pano, moni nonse. Funso langa likupita makamaka kwa inu amene munaphunzira uinjiniya muli kale pa ntchito.

Ndine wa zamagetsi pa munda wina wa nzimbe kuno ku Chikwawa. Ndili ndi Grade 1 ya Trade Test komanso dipuloma ya City and Guilds. Tsiku ndi tsiku ndimakhalira mapampu othirira, ma mota a 3 phase ndi ma starter (zoyatsira mota) a star-delta. Mota ikasintha kaliridwe ndimadziwa ndisanagwire mita kuti ndi bearing kapena phase imodzi yachoka. Koma titalandira ma VSD atsopano, zipangizo zowongolera liwiro la mota, amene anawerengera kukula kwa ma kebulo, power factor ndi kasetedwe ka chitetezo anali injiniya wochokera ku Blantyre. Ine ndinamanga zonse mwaukhondo, ndipo zikuyenda mpaka lero, koma nditatsegula pepala la masamu ake ndinaona kuti pali khomo limene manja okha sangandilowetse. Ndikufuna kumvetsa chifukwa chake, osati kungolumikiza mawaya molondola.

Palinso china chikundisowetsa tulo. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yoyambira ku Kapichira, anaikonza kuti madzi aziyenda okha motsetsereka kukathirira mahekitala oposa 40,000 m'Chikwawa ndi Nsanje. Ndi chitukuko chabwino, ndipo alimi athu achidikira nthawi yaitali. Koma kwa ife amene timadyera kupopa madzi mu Shire, ntchito idzasintha nkhope. Komanso tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130. Nthawi imeneyo zinaoneka poyera kuti chigwa chino chikufunika mainjiniya ake, odziwa matope ndi kutentha kwa kuno.

Vuto nali. Digiri ya uinjiniya ku MUBAS, imene kale tinkati Poly, ndi ya zaka 5, ndipo imafuna munthu apezeke m'kalasi ndi mu labu. Ine ndimayenda mashifiti, ndipo nyengo yothirira kwambiri, Seputembala mpaka mvula itagwa, foni imalira ngakhale pakati pa usiku. Kuchoka ku Nchalo kukafika ku Chichiri ndi makilomita pafupifupi 80, kuphatikizapo zitunda za pa Thabwa zija, kumene minibasi imakwera mochita kukwawa. Ulendo umenewo tsiku lililonse ndi bodza. Kusiya ntchito nakonso sindingathe: ndili ndi ana awiri kusukulu, mayi anga ali ku Bangula ndipo chiwonongereni munda wawo madzi a Freddy mu 2023, thumba la chimanga limachokera kwa ine.

Ndiye ndifunse. Amene munalowa kudzera pa mature entry muli ndi dipuloma ngati yanga, anakuyambitsani chaka chiti? Nanga mabwana anu munawafikira bwanji pa nkhani ya tchuthi cha maphunziro? Anakupatsani cholipidwa, kapena munasainirana kuti mukamaliza mudzawagwirira zaka zingapo? Ine kusaina koteroko sindikukuopa, bola malipiro ena azilowa pakhomo.

Anzanga ena akundilimbikitsa za masukulu akunja a pa intaneti. Kunena zoona mtima wanga sukukhazikika. Uinjiniya wopanda labu ndimaukayikira, chifukwa transformer kapena relay umaidziwa utaiyesa ndi manja. Ndipo pepala likabwera liyenera kuvomerezeka ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, kenako likulole kulembetsa ku Malawi Engineering Institution, bungwe la mainjiniya. Alipo pano amene anadutsa njira imeneyi mpaka analembetsedwa? Ngati mulipo chonde nenani, chifukwa sindikufuna kuthira ndalama za ana anga pa satifiketi yongopachika pakhoma.

Masamu nawo ndisabise, akundiopsa pang'ono. Ma complex number ndimawagwiritsako ntchito pa AC, koma calculus ndi Laplace ndinangozinunkhiza. Ndayamba kubwereza ndekha m'mamawa, cha m'ma 4 koloko, chifukwa masana a Okutobala kuno kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo m'nyumba ya malata buku silowerengeka. Kodi ndi bwino nditenge chaka chathunthu ndikukonza masamu ndisanapemphe malo, kapena ndingolowa n'kumalimbana nawo komweko?

Zowonjezera: zikomo nonse mwayamba kuyankha. Achimwene amene mwati ndingotenga laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, n'kuyamba zoika ma solar, ndakumvani, ndipo msika ulipodi kuyambira Ngabu mpaka Nsanje. Koma chimene ndikufuna ine ndi kupanga mapulani a magetsi ndi kuwasainira, ndiye digiri siyolambalalika. Achemwali amene mwatchula ngongole ya boma ya ophunzira, tandiuzeni, munthu wa pa ntchito ngati ine amamuganizira? Ndipo bambo amene mwati munamaliza mukuyenda mashifiti, chonde musangoti zinatheka. Tifotokozereni sabata yanu inkayenda bwanji, makamaka nthawi ya mayeso, ndiponso munkagona kuti mukapita ku Blantyre.