Pagulu lopanga chipangizo cha kuchipatala, amadula mlandu ndani?

Mphukira:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Gulu lofufuza ndi kupanga chipangizo cha kuchipatala limasakaniza a uinjiniya, a unamwino ndi ofufuza za chikhalidwe cha anthu. Ena akuti aliyense aphunzireko pang'ono ntchito ya mnzake kuti onse afanane, ena akuti aliyense aime pa zake. Nanga pakabuka mkangano, mawu omaliza akhale a ndani?

Sipanala:
Achimwene, tengani chitsanzo cha Pumani, makina a CPAP othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma. Anayamba ndi ophunzira a ku Rice University ku Houston pamodzi ndi madokotala a ana a pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirirawo anali ndi timapampu ta m'mabokosi agalasi owetera nsomba, machubu ndi botolo la madzi. Nsonga ya chubu chotulutsa mpweya imamizidwa m'madzi, ndipo kuya kwake ndiko kumapereka mphamvu yotsegula mapapo: mukamiza masentimita 6, mphamvunso ndi 6.

Gawo la injiniya ndi masamu osafuna kuvotera. Mpweya wamba uli ndi okosijeni 21 pa 100, wa mu konsentireta (makina osefa okosijeni mu mpweya) uli cha m'ma 90. Malita 3 a uwu ndi malita 3 a uwo pa mphindi akupatsani cha m'ma 55. Koma kuti khandalo likufunika 55 kapena 30, injiniya atseke pakamwa. Okosijeni wochuluka amawononga maso a khanda losakhwima, ndipo izi sizioneka pa tebulo loyesera makina.

Sisita wa ku nazale:
A Sipanala anena zoona, koma asiya pamene makina ambiri amagwera: pamphuno. Timachubu ta m'mphuno tikachepa, mpweya umathawira m'mbali, madzi m'botolo amasiya kuchita thovu, pampu n'kumangolira chabe. Tikakula kapena tikamangidwa mothina, timadya kakhoma ka pakati pa mphuno mpaka chilonda. Kapewa komangirira machubu kakakhwepa, mwana akangotembenuka zonse zachoka. Mamina amatseka njira, ndiye pamafunika kuyamwa ndi makina ndi kudonthezera madzi amchere. Mpweya wina umapita m'mimba n'kuitupitsa, n'chifukwa chake timaika chubu chodzera m'kamwa n'kuchisiya chotsegula. Madzi m'botolo nawo amaphwera, 6 uja n'kukhala 4 popanda wodziwa.

Namwino amene wangophunzirako uinjiniya wa sabata ziwiri sawonjezera kanthu pagulu. Wofunika ndi amene angauze injiniya kuti mzere wa madzi ulembedwe moti uoneke uli chapatali usiku, poti namwino m'modzi amayang'anira makanda ambirimbiri. Kafukufuku wa pa Queen amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti makanda 71 pa 100 anapulumuka pa CPAP, pamene pa okosijeni wamba anali 44. Makinawo atafika m'zipatala za m'maboma kunaoneka kuti khanda lozizidwa silipindula nawo kwenikweni. Kutentha kwa thupi sikunali pa pepala la wopanga pampu.

Nachisale:
Ndikutsutsako pang'ono, Sisita. Kuphunzirako za mnzako n'kofunika, osati kuti ugwire ntchito yake, koma kuti umve akamakana. Injiniya agone usiku umodzi mu wodi, namwino atsegule bokosi aone fyuluta yodzaza fumbi.

Ndipo musaitane wofufuza za anthu zonse zitatha. Makolo ambiri amaopa okosijeni chifukwa amaona kuti ana oikidwa machubu ndiwo amamwalira, osadziwa kuti anafika atadwalika kale. Gogo akakana, makina abwino amakhala pakona. Kufunsa mayi amene ali ndi mantha popanda kumuika mawu m'kamwa ndi luso lapadera.

Pa funso lanu a Mphukira: tsiku loyamba lembani zofunika zonse pa chipangizocho, chilichonse ndi nambala yake ndi mwini wake. Chitetezo cha wodwala ndi cha a chipatala, ndipo akakana nkhani yatha. Magetsi ndi kulimba kwa zida ndi za injiniya. Zosinthira ndi kukonza, funsani amisiri a PAM, nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yosamalira ndi kukonza zipangizo za m'zipatala, poti ndiwo adzasakesake kachingwe kakaduka ku Nsanje kapena ku Chitipa.