Gulu la Banja: Za Buku la Tadala

Amalume Yohane: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikukumbutsa za buku la Tadala. Tinagwirizana K30,000 khomo lililonse, makomo 15, kuti ikwane K450,000 ya mabuku 100. Mpaka m'mawa uno apereka makomo 7 okha, ndiye ndili ndi K210,000. Osindikiza akufuna yonse pofika pa 5 June kuti mabuku atuluke pa 19 June pasanafike.

Madalitso: Amalume ine ndinatumiza pa Mpamba Lolemba, mwaiona?

Amalume Yohane: Ndaiona Mada, uli m'gulu la 7 aja.

Azakhali Nachisale: Ine ndisanatulutse ndalama ndifunse kaye. Ndamva kuti m'bukumo muli za chibwenzi. Mwana wa Fomu 3, wodwalanso, akulemba za chibwenzi, ife akuluakulu n'kumasonkha ndalama zoti dziko lonse liwerenge? Kutchalitchi tikayang'ana bwanji anthu?

Mayi a Tadala: Alamu, bukuli ndinakutumizirani mwezi wa April kuti muliwerenge.

Azakhali Nachisale: Foni yanga siitsegula zinthu zimenezo. Koma ndamva.

Madalitso: Azakhali ine ndawerenga lonse kawiri. Mulibe chonyansa ngakhale chimodzi. Ndi nkhani ya mtsikana wa zaka 17 wa matenda a m'magazi a sickle cell ngati Tadala, amajomba kusukulu pafupipafupi, ndiye mnyamata wa m'kalasi mwake amamukopera manotsi n'kumakamusiyira kuchipatala. Basi. Sagwirana ngakhale dzanja mpaka chaputala 9.

Azakhali Nachisale: Ndiye pa chaputala 9 amagwirana. Ndi zimene ndikunenazo.

Limbani Joni: Moni kumudzi. Netiweki inandivuta. Ndalama yanga ibwera pa Mukuru mawa ndikalandira, ndiika ya makomo awiri, langa ndi la amayi.

Amalume Yohane: Zikomo Limbani. Zikatero tifika K270,000. Otsala inu mukudzidziwa. Mayina sinditchula lero, Lachisanu nditchula.

Bambo Aang'ono Dyson: Tisanafike pa mayina a anthu, ya chiliza chaka chatha inatsala ija inathera kuti? Ndangofunsa.

Amalume Yohane: Malisiti ndinaika pagulu pano mu October. Kwererani m'mwamba muwaona.

Bambo Aang'ono Dyson: Ine maganizo anga ndi akuti K450,000 imeneyo ikanakhala ya mankhwala. Mwana akagonekedwa timayambanso kuthamangathamanga. Buku silichiza munthu.

Mayi a Tadala: Thumba la mankhwala ndi lapadera ndipo silinakhudzidwe. Amene amaponyamo mwezi ndi mwezi akudziwa.

Alamu a ku Mchinji: Abale kuno mtedza tayamba kukumba koma mavenda akugula motchipa zedi. Ndipereka ndikagulitsa matumba awiri. Wina akudziwa mtengo wa ku Lilongwe sabata ino?

Limbani Joni: Musagulitse panopa alamu, sungani mpaka August.

Alamu a ku Mchinji: Kusunga ndi fizi ya ana ili pakhosi? Komanso anankafumbwe alowa kale chimanga.

Madalitso: Ikani m'matumba a PICS aja, kwathu anatithandiza.

Alamu a ku Mchinji: Paja pali uthenga wina ndaulandira pagulu la mpingo, akuti pali mankhwala azitsamba ochiza sickle cell m'miyezi itatu. Ndiutumize?

Esnart: Alamu chonde musautumize. Ndangotuluka ku night, ndawerenga zonse. Matendawa munthu amabadwa nawo, ali m'magazi, palibe tsamba lowachotsa. Chochiritsiratu ndi kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, zimene anthu amakachitira kunja monga ku India, ndalama zake ife sitingazione. Chimene chamuthandiza Tadala ndi hydroxyurea amene akumwa tsiku lililonse, folic acid, kumwa madzi ambiri, kugona m'neti kuti malungo asamupeze, ndi kufunda. Nyengo yozizira ikubwerayi ndi imene ululu umakonda kuyamba. Amene ali ndi juzi kapena masokosi abwino atumize, zimenezo ndiye zothandiza.

Mayi a Tadala: Chaka chatha June yemweyu munamuona nokha. Usiku wonse atakumbatira mawondo, maso achikasu, kulira osatulutsa mawu kuopa kudzutsa odwala anzake. Ululu ukatsika pang'ono ankapempha kope. Dzanja lamanja linali ndi kanula, ndiye ankalemba ndi lamanzere, zilembo zopendekera. Makope atatu a hardcover anadzaza choncho. Ndi amene Mada wataipawa.

Azakhali Nachisale: Zowawazo sindikukana, ndi mwana wa mchimwene wanga. Koma akanalemba za Mulungu, za kupirira. Mwana wasukulu ndi chibwenzi ayi. Ine ndalama yanga pa zachibwenzi ayi.

Chisomo Leeds: Moni nonse, ndili pa break. Azakhali, mabuku otere kuno ali m'malaibulale a sukulu ndipo ana a zaka ngati za Tadala ndi amene amawerenga. Lodziwika kwambiri ndi The Fault in Our Stars la John Green, linatuluka mu 2012, filimu yake mu 2014. Mtsikana wa zaka 16 wa khansa, amayenda ndi botolo la oxygen, akondana ndi mnyamata amene anadulidwa mwendo chifukwa cha khansanso. Lina ndi Five Feet Apart, la achinyamata awiri a cystic fibrosis amene saloledwa kuyandikana kuopa kupatsirana tizilombo ta m'mapapo. Ndine ndinamutumizira Tadala loyambalo.

Azakhali Nachisale: Ndiye gwero lake ndi iwe.

Chisomo Leeds: Ndi ine, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Atamaliza anandiimbira akulira, koma analinso wokwiya. Anati awo akudwala koma akukwera ndege kupita ku Amsterdam, pamene iye ndi amayi ake amawerengera ya minibasi yopitira ku kiliniki. Anatinso n'chifukwa chiyani wodwala akakondedwa m'buku, mapeto ake amakhala maliro. Ndinamuuza kuti lemba lako. Mu Chichewa ine sindinaonepo buku la mtsikana wa sickle cell, ndipo ana odwala matendawa kwathu ndi ambiri.

Esnart: Ambiri zedi. Tsiku la kiliniki benchi imadzaza. Ndipo atsikana a msinkhu umenewu funso limene amandifunsa mayi awo akatuluka panja ndi limodzi: kodi alipo adzandikwatire? Ena thupi limachedwa kukula, wa zaka 17 amaoneka ngati wa 13, anzake amamuseka. Ine namwino ndimasowa choyankha. Bukuli layankha bwino kuposa ine.

Bambo Aang'ono Dyson: Nanga mathero ake ndi otani? Amamwalira?

Madalitso: Ayi samwalira. Koma si kuti zimatha mokoma. A MBTS, otolera magazi aja, atabwera kusukulu kwawo mnyamata uja anapereka magazi koyamba, poganiza za iye. Kenako anapita yekha kukayezetsa za sickle cell, n'kupezeka kuti ndi AS. Pamenepo ndi pamene ndinalira ine.

Alamu a ku Mchinji: AS ndiye kuti chiyani? Nayenso akudwala?

Esnart: Sadwala, koma ali ndi mbewu yake. Mtsikanayo, poti akudwala, ndi SS. SS akakwatirana ndi AS, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe ndi matendawa ndi theka. Akakhala AS onse awiri ndi 1 pa 4, mimba iliyonse payokha. Mwana sangabadwe SS pokhapokha atatenga mbewuyo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Ndibwereze: kwa onse awiri.

Mayi a Tadala: Zikomo Esnart pobwereza.

Azakhali Nachisale: Zakale zija zinatha, tinakambirana pamaso pa ankhoswe. Palibe chifukwa chozidzutsira pano.

Mayi a Tadala: Sindinatchule munthu alamu.

Esnart: Ndipo ndikupempha achinyamata a pagulu lino, Mada, Limbani, nonse amene simunakwatire, kayezetseni. Banja lino mbewuyi ilimo mbali zonse ziwiri. Tadala walemba zimenezi momveka kuposa mapepala amene timagawa kuchipatala.

Limbani Joni: Ndamva achemwali. Koma za ukwati ine ndidakali kutali, Bullets itenge kaye ligi.

Madalitso: Ndiye mukhala mbeta mpaka kalekale achimwene, chaka chino ndi cha Manoma.

Amalume Yohane: Za mpira pitani nazo kwina. Pano ndi K240,000 imene ikusowa. A Dyson, a Nachisale, alamu a ku Mchinji, ndi ena atatu amene chikhazikitsireni gululi sanalembepo ngakhale moni.

Bambo Aang'ono Dyson: Paja munati mayina Lachisanu.

Bambo Aang'ono Dyson atuluka pagulu

Madalitso: Eee.

Amalume Yohane: Asiyeni, ndiwabwezeretsa madzulo mtima ukatsika. Si koyamba.

Azakhali Nachisale: Ine funso langa silinayankhidwe. Mnyamata wa m'bukuyo ndi ndani? Mwana sangalembe zimene sakuzidziwa. Alipo amene akubwera pakhomopo? Lamulo likuti ukwati ndi zaka 18, iyeyu sanafike, MSCE ili chaka chamawa. Akatenga mimba ndi thupi limenelo mudzati chiyani? Mwana wasukulu ndi chibwenzi ayi.

Esnart: Pa mimba pokha azakhali mwanena zoona. Kwa wa SS mimba ndi yoopsa, imafuna kukonzekera ndi adokotala, ndipo hydroxyurea amayamba aunikanso ngati munthu akufuna mwana. Koma zimenezinso zili m'bukumo. Mtsikanayo amafunsa namwino yekha. Kuli bwino azidziwa kusiyana ndi kuti tizimubisira.

Mayi a Tadala: Azakhali, ndi Tadala, ndabwereka foni ya amayi. Pepani kuti ndalowerera nkhani za akuluakulu. Ndikudziwa kuti mumandidera nkhawa, ndipo sindinaiwale phala limene munkabweretsa m'flask m'mawa uliwonse ndili kuchipatala. Sukulu sindisiya, ndipo palibe chimene ndachita chokuchititsani manyazi. Koma chibadwire anthu akandiona amafunsa kuti wadzuka bwanji, mankhwala wamwa, magazi ali bwanji. Palibe amene anandifunsapo ngati pali amene ndimamuganizira. Mu wodi tinalimo atsikana anayi, usiku tinkanong'onezana zomwezo ngati atsikana ena onse. Mmodzi anatisiya mu August. Ndinalemba kuti otsalafe tiwerenge za mtsikana wonga ife amene wina anamukonda akudziwa zonse, ndipo sanafe. Ngati mukaliwerenga mupezamo choipa, mundiuze tsamba lake ndichotsa.

Chisomo Leeds: Usachotse kanthu mng'ono wanga. Amalume, ine ndinapereka kale koma ndiwonjezera K30,000 ina usiku uno.

Amalume Yohane: Zikomo Chisomo. Ndi ya Limbani ija tifika K300,000. Kutsala K150,000.

Azakhali Nachisale: Tadala mwana wanga, wa mu August uja ndi uja ankagona bedi la pawindo, wa ku Ntcheu?

Mayi a Tadala: Yemweyo alamu.

Azakhali Nachisale: Mayi ake tinkagawana nawo madzi otentha. Sindinamve kuti anapita.

Azakhali Nachisale: Mada, undisindikizire pa pepala bukulo, zilembo zikuluzikulu, ubwere nalo Lamlungu tikaweruka. Ndiwerenga ndekha. Koma sindinalonjeze kanthu. Ndikapeza zachibwana ndinena pompano.

Madalitso: Ndibwera nalo azakhali. Masamba ndi 86, ya fotokope ndilipira ndekha.

Alamu a ku Mchinji: Ine Loweruka ndigulitsa thumba limodzi, ndiyambe ndi K15,000. Nanga mabukuwo tikagulitsa ndalama ipita kuti?

Mayi a Tadala: Tinanena kale. Mabuku 20 apita ku kiliniki kwa anzake, ulere, pa 19 June pomwepo poti ndi tsiku lokumbukira sickle cell padziko lonse. Otsalawo ndalama yake ilowa m'thumba la mankhwala.

Limbani Joni: Mundisungire 5, kuno kuli Amalawi ambiri angagule. Muwapatsire a basi.

Amalume Yohane: Ndalankhula ndi osindikiza. Akuti ikalephera kukwana akhoza kupanga 60, koma buku lililonse likwera mtengo. Ine sindikufuna tifike kumeneko. Bambo a Tadala, alamu, mauthenga onsewa zikuoneka kuti mwawerenga. Khomo lanu lili pa mndandanda ngati ena onse, ndipo mwanayu ndi wanu.

Esnart: Foni yawo ikulowa koma sakuyankha, ndayesa masana.

Amalume Yohane: A Nachisale, mchimwene wanuyo amamva inu. Muwaimbire usiku uno, muwauze kuti 5 June si Lachisanu likubwerali ayi, ndi linalo. Nambala ya Airtel Money ndi yomwe ija. A Dyson ndawabwezeretsa.