Chiller yasiya kuziziritsa madzi, thandizeni akuluakulu

Dalitso, Nchalo: Akuluakulu mutu wanga waima. Chiller (makina oziziritsa madzi a mbewu) ya 1 HP, thanki ya malita 1,000, letesi pa NFT (ulimi wopanda dothi, mizu imakhala m'mapaipi moyenda madzi a feteleza). Mu Seputembala madzi amatsika mpaka madigiri 21, pano akukakamira pa 27 ngakhale kompuresa ilire tsiku lonse. Pa outlet akutuluka pang'onopang'ono, ndamasula paipi ndapeza zoyera zolimba ngati za m'ketulo. EC (muyeso wa mchere ndi feteleza m'madzi) ili pa 1.6. pH (muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) inakwera kufika 7.2 ndili kumaliro sabata yatha. Mizu yayamba kufiirira ndipo oda ya ku Blantyre ndi Lachisanu. Nditani?

Madala Thomu: Gasi watha ameneyo mwana wanga. Itana wa mafiriji.

Mayi Esnart, Ngabu: Achimwene, madzi mumatunga kuti? Ngati ndi a pamjigo, vuto layambira pomwepo. Mijigo yambiri kuno kuchigwa ndi yamchere, EC imakhala yokwera kale musanathiremo kanthu. pH ikadutsa 6.5, calcium amagwirana ndi phosphate n'kumamatira mkati mwa heat exchanger (chigawo cha chiller chomwe madzi amaziziramo), kuzizira osadutsanso bwino. Komanso feteleza wa magawo awiri uja, A ndi B, mumathira bwanji? Akakumana asanasungunuke m'madzi ambiri, calcium nitrate ndi sulphate amapanga gypsum, zoyera zolimba zomatirira m'mapaipi.

Dalitso, Nchalo: Pamjigo mayi. Mnyamata wanga amathira zonse m'ndowa imodzi, ndamupeza dzulo.

Madala Thomu: Chaka chino ndi cha 22 ndikukonza mafiriji. Makina akamalira osazizira ndi gasi basi.

Lameck, Bangula: Madala, nanga gasi angachepetse madzi pa outlet? Achimwene Dalitso, zimitsani kaye. Madzi akamayenda mochedwa chonchi amatha kuundana mkati n'kung'amba exchanger. Ine zinandionekera nditayesa feteleza wamadzi wa manyowa. Ndere zinatseka mapaipi onse, m'mawa ndinapeza madzi ali pansi, makina atatha ntchito. Chaka chimenecho ndinalima chongobweza ngongole.

Mayi Esnart, Ngabu: Achimwene Dalitso, chiller muichotse pa thanki, muyendetse citric acid ndi kapampu kuchokera m'ndowa, chiller ili yozima, kenako mutsuke ndi madzi oyera kangapo. Zikachita thovu ndiye kuti ndi laimu, zichoka. Gypsum ndi wouma mutu, citric samusungunula msanga. Chonde musayerekeze asidi wa batire kapena wa pool, stainless amadyeka. Madzi otsukirawo asafike kumizu.

Lameck, Bangula: Muonenso kuti exchanger yanu ndi ya chiyani. Ikakhala titanium palibe nkhawa. Kopa kapena aluminiyamu, feteleza amazidya. Mnzanga wina anamiza koyilo ya kopa ya eyakoni yakale m'thanki ya tomato kuti apulumutse ndalama. Madzi anazizira bwinobwino, koma pasanathe mwezi mizu inafupika n'kuda, masamba achikasu. Kopa anasungunukira m'madzi, tomato yense anapita. Pano ine chiller imaziziritsa madzi oyera okha, odutsa m'koyilo ya stainless yomwe ili m'thanki.

Madala Thomu: Tsukani mmene mungathere, koma muyeze gasi. Condenser (mbali yotulutsa kutentha kunja) ikadzaza fumbi la Okutobala, kunja kuli 40, simuona 21.

Mayi Esnart, Ngabu: Za fumbizo mwanena zoona madala, apukute ndithu. Koma mizu yofiirirayo ndi imene ikundidetsa nkhawa. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa ndipo pythium, matenda owoletsa mizu, amakonda pomwepo. Muwonjezere air stone (kamwala kotulutsa thovu la mpweya m'madzi) lero lomwe. Mabotolo a ayezi musaponye ambiri nthawi imodzi, mizu imadzidzimuka.

Chikondi, Nsanje: Thanki muikwirire pansi, imathandiza magetsi akazima. Kungoti yanga inayandama nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, madzi anaizula ndi mapaipi omwe. Mukakwirira mumange ndi simenti pamwamba.

Lameck, Bangula: Pepani achemwali, ife madziwo anatitengera pampu ndi mapanelo awiri. Yanuyo munaipeza?

Chikondi, Nsanje: Inapezeka m'munda wa anthu ena itang'ambika. Kodi calcium nitrate mukumupeza kuti pano? Kwathu kuno wasowa.

Madala Thomu: Dalitso, gasi uja wayeza?