Waitala wanga akuthawa matebulo

Gift wa ku Fordsburg, ku Joni: Akuluakulu thandizeni msanga. Mnyamata wanga wa pa floor POS (makina olembera ma order ndi kulipirira) amaidziwa, tray sagwetsa, koma mukamutuma pa tebulo la anthu ambiri manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, order kuiwala pomwepo. Lachisanu wakabisala ku scullery, kotsukira mbale, mpaka makasitomala kudandaula. Bwana akuti warning yachiwiri. Ndimusunthire ku bar?

Che Jafali: Manyazi akumudzi amenewo. Muponyeni pa section yaikulu Loweruka, azolowera.

Mai a Tadala: Che Jafali, manyazi amatha munthu akazolowera malo. Zikapitirira miyezi 6, mpaka kuthawa ntchito yomwe amaidziwa bwino, madokotala amati social anxiety. Mumtima amangoona ngati tebulo lonse likumuyang'ana ndi kumuseka, mtima n'kumagunda ngati wathamanga. Kawirikawiri zimayamba munthu ali ndi zaka ngati 13, sikuti wazitola ku Joni kuno.

Che Jafali: Ife tinayamba ku Mayfair Chingerezi tisakuchidziwa. Tinafa?

Yohane: Ku bar kokha ayi, achimwene. Tinali naye wina ku Melville, ankayamba ndi ka shot kamodzi shift isanayambe, akuti mtima ukhale pansi. Posakhalitsa botolo linkagona m'thumba la apuloni. Ntchito inathera pomwepo.

Mai a Tadala: Kumubisa kukhitchini nakonso kumangokulitsa mantha. Ayambe ndi matebulo a anthu awiri nthawi ya lunch, inu muli chapafupi, kenako a anthu anayi, pang'onopang'ono. Koma a Gift, inu si dokotala. Apite ku kiliniki, kapena aimbire SADAG, bungwe lothandiza anthu a nkhawa ndi matenda a maganizo, amalangiza pa foni. Chithandizo chake ndi CBT, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kuzolowera zomwe amaopa, ena amawapatsanso mankhwala a sertraline, omwe amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira. Asamwe mapilisi a mnzake. Propranolol, wochepetsa kugunda kwa mtima amene ena amapatsana uja, ndi woopsa kwa munthu wa asthma.

Esnart: Musakalengezenso pa briefing, msonkhano wa antchito shift isanayambe, mumuphera ufulu. Muitaneni pambali. Kwa bwana musakanene kanthu iye asanavomere. Matenda ali ndi njira yake, si ya warning, akangomuchotsa nkhani imafika ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo. Nanga mapepala ake ali bwino? Ambiri amaopa kudandaula chifukwa cha chimenecho.

Che Jafali: Loweruka limodzi lokha, mundiuza.