Kusunga ndiwo zamasamba mufiriji mpaka chilimwe

Mayi a ku Mpondasi: Nkhwani ndi bonongwe zachuluka pamsika dzinja lino. Ndingazisunge bwanji mufiriji kuti zifike Okutobala?

Bambo a ku Namwera: Musaziike zosafutsa mayi, zimada n'kutha kukoma. Sadzulani, tsukani, dulani, kenaka muziviike m'madzi owira kwa mphindi 2. Mukavuula, ziponyeni m'madzi ozizira kwambiri mphindi 2 zina kuti zisapitirire kupsa. Finyani ndithu. Longedzani m'timapepala tapulasitiki muyezo wophika kamodzi, tulutsani mpweya wonse, mangani, lembanipo tsiku. Mpweya ukatsalira masamba amauma n'kutuwa. Ikani mbali ya firiji ija youmitsa madzi kukhala ayezi. Pa -18°C zimakhala bwino miyezi 8.

Mayi a ku Monkey Bay: Vuto kuno ndi kutentha komanso kuthima kwa magetsi. Akathima musatsegule: firiji youmitsa yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi masiku 2, yatheka tsiku limodzi. Mipata dzazanimo mabotolo a madzi. Zikasungunukiratu, phikani tsiku lomwelo.

Mayi a ku Makawa: Ndipo chambo chikhale pachokha, fungo limalowerera. Pophika ndiwo zamasambazo musayambe mwasungunula, ponyani mumphika zili gwa, nsinjiro pambuyo.