Thandizeni: ndingatsimikize bwanji kuti mzamba ali ndi chilolezo?

Moni nonse amayi ndi abambo a m'gulu lino. Ndine mayi wa ku Chawama kuno ku Lusaka, ndipo ndasowa pogwira.

Mng'ono wanga ndi woyembekezera, miyezi 7, ndipo amapita kusikelo pa kakiliniki kena kolipira m'komboni mwathu. Mzamba wa pamenepo ndikumukayikira. Mapazi a mng'ono wangayu atupa, mutu ukumuwawa, koma pakhadi lake la sikelo, malo olembapo BP ndi opanda kanthu. Mzambayo akuti "ndi mmene pakati pamachitira." Zimenezi sizinandikhalire bwino ngakhale pang'ono, poti BP yokwera imapha amayi apakati. Ndinamutengera kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko akumuona tsopano.

Koma amayi ena akupitabe ku kakiliniki kaja. Ndinapempha mwaulemu kuona chilolezo cha mzambayo, anandikalipira. Mwini kiliniki anangondilozera pepala la fotokope lofufutika pakhoma, dzina losawerengeka. Ndafunsanso anansi ndi amayi a kutchalitchi, aliyense akungoti "ndi wakale pantchito."

Ndikudziwa kuti azamba amalembetsa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia motsatira lamulo la 2019, ndipo chilolezo chimakonzedwanso chaka chilichonse, pomwe makiliniki amaloledwa ndi Health Professions Council of Zambia.

Tsono munthu wamba ngati ine ndingafufuze bwanji dzina lake m'kaundula? Dandaulo ndiyambire ku bungwe liti mwa awiriwa, ndipo nditenge umboni wanji? Kodi dzina la wodandaula amalibisa? Tikukhala dera limodzi ndi mzambayu. Anamwino ndi azamba muli muno, chonde ndiunikireni.